Kodi wotumidwa kumsika timumange manja?

Pali njira ziwiri zotumira mwana kumsika. Yoyamba ndiyo kumuwerengera zonse: usipa mbale ziwiri, tomato mulu umodzi, anyezi ukagule kwa mayi uja wa pachipata, ndipo chenji chibwere chonse. Yachiwiri ndiyo kungomuuza vuto: kuno kwabwera alendo anayi, ndiwo palibe, ndalama ndi iyi, kaone chochita. Mwana woyamba akapeza usipa watha koma utaka uli mbwee pamtengo wotsika, amabwerako chimanjamanja, ndipo simungamukalipire poti wachita zomwe mudamuuza. Wachiwiri angathe kubwera ndi chambo chonona chomwe inu simudachiganizire n'komwe. Angathenso kubwera ndi bonya wowawa wa kwa mnzake, chenji atadyera zitumbuwa panjira.

Mayi aliyense amadziwa mwana woyenera kumutuma mwa njira iti, chifukwa adamulera yekha. Boma lilibe mwayi umenewo. Limatuma anthu zikwizikwi omwe silikuwadziwa mtima, ndi ndalama za anthu ena. Ndiye funso langa sabata ino n'lakuti: kodi wantchito wa boma wogula katundu tizimutuma ngati mwana woyamba kapena wachiwiri? Ndikufuna tiliunike funsoli komwe lakula msinkhu zedi, ku Pentagon, likulu la asilikali a dziko la America, komwe m'zaka zaposachedwapa makontirakiti okha amadya ndalama zoposa $400 biliyoni pachaka.

Kumeneko kuli njira ina yoitanira malonda yomwe amaitcha Commercial Solutions Opening, CSO mwachidule. Idabadwira mu kaofesi kotchedwa DIUx komwe nduna ya zachitetezo ya nthawiyo, Ash Carter, idatsegula mu 2015 ku Mountain View m'chigawo cha California, pakati pa makampani a makompyuta. Mu 2016 kaofesika kadayamba kugula motere: m'malo mosindikiza chimbuku cha tenda chofotokoza kutalika kwa bawuti aliyense, amangolemba vuto lomwe asilikali ali nalo m'ndime zowerengeka. Kampani iliyonse, ngakhale ya anthu khumi, ingathe kuyankha ndi masamba osapitirira 5. Omwe mayankho awo akoma amaitanidwa kudzafotokoza pamaso, kenaka amakambirana mtengo, ndipo cholinga n'chakuti mgwirizano usainidwe pasanathe masiku 60 kapena 90. Chachilendo kwambiri n'chakuti mayankhowo sawaika pamzere umodzi kuti wotchipa apambane. Lililonse amaliyeza palokha: kodi likuthetsa vutolo, kodi n'lotheka, kodi ndalama zake zilipo. Kumapeto kwa 2016 Nyumba ya Malamulo idalola kuti nthambi zonse za asilikali ziyesere njira yotere, ndipo kumapeto kwa 2021 idaikhazikitsa m'malamulo. Mu Malichi 2025 nduna Pete Hegseth adalamula kuti pogula mapulogalamu a kompyuta, imeneyi ndiyo ikhale njira yoyambira.

Mwachidule, Amalume Sam aganiza zotuma mwana wachiwiri uja.

Tisanawaweruze, tione kaye komwe akuthawa. Malamulo ogulira katundu wa boma la America adasonkhanitsidwa mu 1984 m'buku lotchedwa Federal Acquisition Regulation, lomwe lidakula mpaka masamba pafupifupi 2,000, ndipo asilikali ali ndi lawo lina loonjezera pamwamba pake. Padali chikalata cha masamba 26 cholongosola m'mene mabisiketi ndi timakeke ta asilikali tiyenera kuphikidwira. Musaseke, abale anga, chifukwa mzere uliwonse m'menemo uli ndi mbiri yake. Penapake wina adaperekapo ufa wofumbwa, ndiye padalembedwa lamulo la ufa. Wina adapatsa mlamu wake kontirakiti, padalembedwa lamulo la alamu. Malamulo a tenda ali ngati zipsera pathupi: chilichonse chimakumbutsa tsiku lomwe munthu adavulala.

Vuto n'lakuti thupi likadzaza zipsera limaleka kupindika. Pa nkhondo ya ku Gulf, cha mu 1990 ndi 1991, asilikali a America adafuna mwachangu mawailesi olumikizirana 6,000 a kampani ya Motorola, omwewo omwe ankagulitsidwa kwa anthu wamba. Lamulo lidafuna umboni woti boma likugula pamtengo wotsikitsitsa kuposa wina aliyense, ndipo nthambi ya kampaniyo yogulitsa kwa anthu wamba idalibe kaundula wotsimikizira zimenezo. Malonda adaima. Mapeto ake boma la Japan ndilo lidagula mawailesiwo n'kuwapereka ngati mphatso. Palibe adaba, palibe adaphwanya lamulo, palibe adachotsedwa ntchito. Koma msilikali m'chipululu adadikira.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya chikumbumtima, ndipo ndikufuna tichedwepo pang'ono. Wantchito wa boma akagula molakwa chifukwa adagwiritsa ntchito nzeru zake, dzina lake limatuluka m'nyuzi. Akalephera kugula chinthu chofunika chifukwa adatsata lamulo, palibe amamudziwa. Kulakwa koyamba kuli ndi nkhope, kwachiwiri kulibe. Tsono munthu wanzeru zake, wa ana kusukulu ndi penshoni kutsogolo, asankha chiyani? Asankha kulakwa kosaoneka, tsiku ndi tsiku, mpaka kupuma ntchito. Timati lamulo limateteza ndalama za olipira msonkho, ndipo n'zoona ndithu. Koma limatetezanso wogula kuti asayankhe funso lililonse. Akati ndidatsata ndondomeko, mlandu watha. Munthu wotere manja ake ndi oyera, koma ayera chifukwa sadagwire kanthu.

Ndipo ife a nyuzi tili ndi mbali yathu pamenepa. M'zaka za m'ma 1980 dziko la America lidagwedezeka ndi nkhani ya hamala ya $435 ndi chivundikiro cha chimbudzi cha m'ndege cha $640. Anthu adakwiya, andale adalankhula, malamulo adaonjezeka. Pambuyo pake odziwa kuwerengera ndalama adafotokoza kuti mtengo wa hamalayo udakwera chifukwa cha m'mene adagawira ndalama zoyendetsera ntchito yonse: katundu aliyense pamndandanda, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, adamusenzetsa gawo lofanana. Hamala idaoneka yodula, zida zikuluzikulu zidaoneka zotchipirako. Koma kodi ndani amawerenga nkhani yachiwiri? Hamala ya $435 imakwana bwino pamutu wa nkhani. Wailesi yomwe sidafike siikwana.

Mgiriki wakale Aristotle adaliona vutoli kalekale. M'buku lake la makhalidwe, Nicomachean Ethics, adafotokoza kuti lamulo limalankhula za zinthu zonse pamodzi, pomwe moyo umabweretsa zinthu chimodzichimodzi, ndipo wolemba lamulo sangaoneretu zonse. Adapereka fanizo la amisiri omanga a pachilumba cha Lesbos, omwe ankayeza miyala yokhotakhota ndi rula ya mtovu yopindika motsata mwalawo. Rula yowuma ndi yabwino pa njerwa. Mabisiketi ndi njerwa: tikudziwa bisiketi yabwino, tingathe kuilemba, wotchipa apambane basi. Koma mukafuna chinthu chomwe sichidakhaleko, mungachilembe bwanji mu tenda? Mukachilemba ndiye kuti mwatsekera kunja aliyense amene ali ndi nzeru yoposa yanu.

Chodabwitsa n'chakuti asilikali a America adazidziwa izi asanaziiwale. Mu Disembala 1907 nthambi yawo ya Signal Corps idaitanitsa malonda a makina ouluka. Sidanene kuti mapiko akhale angati kapena injini ikhale yotani, poti panthawiyo ndani akadadziwa? Idangoti makinawo anyamule anthu awiri, athamange mailosi 40 pa ola, ndipo akhale m'mwamba ola lathunthu. Orville ndi Wilbur Wright, okonza njinga a ku Dayton, adasaina kontirakiti ya $25,000 mu Febuluwale 1908. CSO ya lero ndi mdzukulu wa chikalata chimenecho.

Mpaka apa mwina mukuti wolembayu wagula kale malonda a Pentagon. Dikirani. Rula yopindika imatsata mwala, inde, koma imatsatanso dzanja la woigwira.

Darleen Druyun adali mmodzi mwa akuluakulu ogula zida ku nthambi ya asilikali a m'ndege kwa zaka pafupifupi 10, ndipo ankadziwika ngati mayi wolimba, wosanyengerera makampani. Mu 2000 kampani ya Boeing idalemba ntchito mwana wake wamkazi ndi chibwenzi cha mwanayo. Mu 2002, akuyang'anirabe zokambirana za ndege zothira mafuta m'mwamba zomwe boma limafuna kubwereka ku Boeing, iye mwini ankakambirana mwamseri za ntchito yake ku kampani yomweyo, ndipo adakayambadi kumeneko mu Januwale 2003. Mu 2004 adavomera mlandu, adavomeranso kuti adaikondera Boeing pa makontirakiti angapo, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 9. Michael Sears, mkulu wa zachuma wa Boeing yemwe adamukonzera ntchitoyo, adalandira miyezi 4. Paja amati mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Nkhani ya mayiyu anthu a mbali zonse ziwiri amaikoka. Okonda malamulo amati mwaona, mukampatsa munthu mpata wosankha, asankha mimba yake. Okonda CSO amati Druyun adachita zonsezi pansi pa chimbuku chomwe chija, ndiye masamba 2,000 adaletsa chiyani? Onse akunena zoona, koma ine chomwe ndimaona ndi china. Chidamugwira mayiyu si mpanda, ndi mapazi omwe adasiya. Phungu John McCain adaumirira kuona makalata a mkati okhudza malondawo. Makalata a pakompyuta adalipo. Ndipo atavomera, makampani omwe adaluza adali ndi khomo loti akagogodepo: adakamang'ala ku Government Accountability Office, GAO mwachidule, ofesi yofufuza m'malo mwa Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 2005 ofesiyo idawavomereza madandaulo awo. Woluza tenda ndiye mlonda wabwino kuposa onse, chifukwa salipidwa, sagona, ndipo amadziwa malondawo ngati wopambanayo.

Tsono funso loyenera kuifunsa njira yatsopanoyi ndi limeneli: kodi woluza ali ndi khomo? Apa mpomwe pali kachilema. Migwirizano yambiri yotuluka mu CSO ndi ya mtundu wotchedwa Other Transaction, mphamvu yomwe bungwe la NASA lidapatsidwa mu 1958 pothamangitsana ndi Sputnik ya a Russia, ndipo bungwe la kafukufuku wa asilikali la DARPA lidailandira mu 1989. Pamaso pa lamulo mgwirizano wotere sauwerengera ngati kontirakiti wamba yogulira katundu, choncho malamulo ambiri a tenda saukhudza, ndipo GAO kawirikawiri siimva madandaulo a yemwe waluza. Imangoona ngati boma lidali ndi ufulu wogwiritsa ntchito njirayo. Mu 2019 kampani ya SpaceX itakadandaula ku khoti lomwe limamva milandu ya makontirakiti a boma, khotilo lidati nkhaniyo si yake n'kuitumiza ku khoti lina ku California, ngakhale kuti pambuyo pake oweruza ena a khoti lomwelo adavomera kumva milandu ina yotere. Ngati kampani ya mabiliyoni idazunguzika kusaka khomo, nanga ya anthu khumi ija?

Palinso kakhomo ka kumbuyo komwe kamandidetsa nkhawa koposa. Lamulo limati kampani ikapambana pa ntchito yoyesera, boma lingathe kuipatsa ntchito yaikulu popanda mpikisano wina. Nzeru yake njomveka, poti kampani yaing'ono singatayire miyezi yake pa choyesera ngati mawa ntchito yeniyeni ikapita kwa wina. Koma taonani zomwe zidachitika mu Febuluwale 2018. Kampani ya REAN Cloud, yomwe idalowa kudzera ku DIUx ndi ntchito yoyesera ya mamiliyoni ochepa chabe yosamutsira mapulogalamu a asilikali pa makompyuta a pa intaneti, idapatsidwa mgwirizano wofika $950 miliyoni. Makampani ena adalira mokweza. Mwezi wotsatira Pentagon yokha idautsitsa kufika pa $65 miliyoni, ndipo mu Meyi GAO, itamva dandaulo la kampani ya Oracle, idapeza kuti mgwirizano woyambirira sudatchule za ntchito yotsatira, komanso ntchito yoyeserayo idali isanathe yonse. Palibe adati REAN idaba kapena kuti ntchito yake idali yoipa. Chidalakwika n'chakuti mwana yemwe adatumidwa ndi ndalama ya tomato adabwerako atasainira ng'ombe.

Ndiye njirayi tiiyeze bwanji? Oiyamikira amakonda kuwerenga masiku ndi madola. Masiku atsikadi. Madola akweradi: GAO idapeza kuti ndalama za migwirizano yoyesera ya mtunduwu zidachoka pa $1.4 biliyoni mu 2016 kufika pa $3.7 biliyoni mu 2018. Koma kuthamanga si kufika. Kuti mwasaina msanga sizitiuza ngati chinthucho chidafika m'manja mwa msilikali, ngati chidagwira ntchito, kapena ngati chidali chofunika n'komwe. Sizitiuzanso kuti walowa ndani. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani akuluakulu a zida adamezana kuchoka pa 51 kutsala 5, ndipo cholinga chachikulu cha njira zofewazi n'chakuti alendo alowe. Koma khomo lotsegulira alendo eni mudzi nawonso amaliona. Pulogalamu ya Future Combat Systems, imodzi mwa zikuluzikulu zomwe asilikali a pamtunda adayesapo, idayendetsedwa kuyambira 2003 pa mgwirizano wofewa womwewu ndi Boeing, kampani yomwe idabadwira ndi kukulira m'malamulo a tenda. Mu 2005 McCain yemwe uja adakakamiza kuti ibwerere ku kontirakiti wamba, ndipo mu 2009 idathetsedwa itameza mabiliyoni.

Ndinene kumbali kuti pali chinanso chomwe liwiro limabisa. Katundu tikukambayu si ndiwo ayi, ndi zida zophera anthu. Kuchedwa kwa boma n'kotopetsa, komabe nthawi zina m'miyezi yochedwayo ndi momwe wina amapeza mpata wofunsa ngati chidacho n'choyenera kukhalapo. Sindikunena kuti ulesi wa m'maofesi ndi chikumbumtima. Ndikungoti tikachotsa ulesiwo tiyenera kudziwa kuti funso lija lizifunsidwira pati.

Maganizo anga ndi awa. Wotumidwa mumumasule manja popita, koma pobwera afotokoze. Malamulo akale amafunsa mafunso onse munthu asanagule, ndipo akayankha bwino mafomu samufunsanso kanthu. Njira yofewa ikhala yachilungamo pokhapokha itatembenuza zimenezi, osati kungochotsa mafunsowo. Wosankha alembe zifukwa zake tsiku lomwe wasankhalo, m'mawu oti munthu wamba angamve, ndipo asainire dzina lake, osati la komiti. Woluza auzidwe chomwe waluzira ndi komwe angakadandaule. Ufulu uzichepa pamene ndalama zikukula: pa choyesera cha miliyoni imodzi wogula atsate nzeru zake, akalakwa taphunzirapo, koma pa ntchito ya biliyoni dziko lonse lione. Ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu wina wapadera abwerere kukaona chomwe chidatulukapo. Mwana wa chambo ndi mwana wa bonya onse adapatsidwa ufulu wofanana. Timawasiyanitsa pakhomo, mayi akatsegula jumbo n'kufunsa kuti chenji chili kuti.

Ndikudziwa chomwe wantchito wa boma wokhwima angandiyankhe. Anganene kuti bambo, zifukwa zolembazo mawa zisanduka fomu, fomuyo ibereka fomu inzake, ndipo pakatha zaka 20 mudzapeza chimbuku chija chabwerera ndi dzina lina. Anganenenso kuti zambiri mwa izi ndi zinsinsi za nkhondo zosati n'kupachikidwa pa bolodi. Zachinsinsizo sizindivuta kwenikweni, chifukwa aphungu ndi ofufuza ololedwa kuona zinsinsi alipo. Koma za fomuzo akunena zoona, ndipo mankhwala ake sali m'malamulo, ali mwa ife owerenga ndi olemba nyuzi. Ngati wogula amene adayesa moona mtima n'kulephera timupachika pamtengo umodzi ndi Druyun, anzake onse aona, ndipo adzathawiranso kuseri kwa ndondomeko. Choyesera chimene sichingalephere si choyesera. Pa 17 Sepitembala 1908, ndege ya a Wright ikuyesedwa pa bwalo la asilikali la Fort Myer, chopukusa mphepo chidasweka, ndege idagwa, Orville adathyoka mwendo ndi nthiti, ndipo msilikali yemwe adakwera naye, Thomas Selfridge, adamwalira. Lero lino sindikudziwa ngati kontirakiti yotere ikadapulumuka sabata imodzi ya mitu ya nkhani. Asilikali a nthawiyo adawaonjezera nthawi.

Abale awiriwo adabwereranso ku Fort Myer mu 1909, ndipo mayeso adachitikira poyera, khamu la anthu likuonerera, Pulezidenti William Taft naye adafikako. Pa 27 Julaye Orville adakhala m'mwamba kupitirira ola limodzi ali ndi msilikali pambali. Pa 30 Julaye adauluka mailosi 10, kupita ku Alexandria ndi kubwerera, atanyamula msilikali wina, Benjamin Foulois, mawotchi akuwerenga. Mgwirizano udanena kale kuti pa mailosi iliyonse yathunthu yopitirira 40 pa ola boma lidzaonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo, ndipo pa iliyonse yoperewera lidzachotsa chimodzimodzi. Liwiro lidapezeka mailosi 42 ndi theka. Boma lidalipira $30,000.